Philip ndi Lucy Bliss: Banja Limene Linaimbira Mulungu Pamodzi

Ambiri a ife tinamvapo nyimbo ya Cingerezi yochedwa It Is Well with My Soul, kaya pa maliro, kaya pa wailesi, kaya kwa makwaya a mipingo yosiyanasiyana muno mu Chipata. Koma ndi owerengeka amene adziwa munthu amene anapeka maimbidwe ake. Dzina lake ndi Philip Paul Bliss wa ku America. Mbiri yake sitingaifotokoze popanda kuchula mkazi wake Lucy, pakuti awiriwa anaimba pamodzi, anayenda pamodzi, namwalira tsiku limodzi. Sanali Akatolika, koma banja lao lili ndi phunziro kwa Akristu tonse.

Bambo Bliss anabadwa pa 9 July 1838 m'cigawo ca Pennsylvania, m'banja losauka. Atate ake anali okonda kupemphera ndi kuimba, ndipo nyimbo zoyamba anaziphunzira kwa iwo. Ali ndi zaka 10, tsiku lina akugulitsa ndiwo zamasamba, anamva kulira kwa piyano kwa nthawi yoyamba. Analowa m'nyumbamo wopanda nsapato kuti amvetsere bwino, koma mwini nyumba anamupitikitsa. Atafika zaka 11 anacoka pakhomo pa makolo nayamba ganyu m'mafamu ndi kumalo ocekera matabwa. Kusukulu anali kupita mwa apo ndi apo, komabe anacita khama mpaka anakhala mphunzitsi mu 1856.

Pa 1 June 1859 anakwatira Lucy Young wa ku Rome, kamudzi ka ku Pennsylvania komweko, osati Roma wa Apapa. Kwao kwa Lucy kunali anthu odziwa nyimbo, ndipo mtsikanayu anaona msanga kuti mwamuna wake ali ndi mphatso imene inangosowa woikonza. Bambo Bliss anakhala ngati mkamwini, nagwira nchito ya kumunda kwa apongozi ake. Mu 1860 anamva za sukulu ya nyimbo ya masabata 6 ku Geneseo m'cigawo ca New York, koma ndalama analibe. Agogo ake a Lucy ndiwo anatulutsa madola 30 amene anali kusunga pang'onopang'ono, nampatsa. Tisaiwale cimeneci: amene anatsegula njira ya woimba wamkuluyu anali a kucikazi.

Atabwerako anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi ndi kavalo wokalamba ndi limba laling'ono lonyamula, kuphunzitsa anthu kuimba. Mu 1864 banjali linasamukira ku Chicago, kumene kampani yosindikiza nyimbo ya Root and Cady inamulemba nchito. Kwa zaka zingapo iye ndi Lucy anayendera misonkhano ya nyimbo m'matauni ambiri, akuphunzitsa ndi kuimba awiri pamaso pa anthu. Malipiro anali abwino, ndipo umphawi unatsala m'mbuyo.

Mu 1869 Bambo Bliss anakumana ndi mlaliki wochuka Dwight L. Moody, amene pambuyo pake anamukakamiza kuti asiye nchito yolipidwa ndi kudzipereka kwathunthu pa kufalitsa Mthenga Wabwino mwa nyimbo. Nkhani inali yovuta, pakuti panthawiyo banjali linali ndi mwana wamng'ono. Lucy sanakane, komanso sanathamangire kuvomera. Anafuna kuti atsimikize kaye ngati cinali cifuniro ca Mulungu osati ca Bambo Moody cabe. Atatsimikiza, mu 1874 mwamuna wake anasiya nchito nayamba maulendo ndi mlaliki Daniel Whittle. Mu 1875 iye ndi Ira Sankey anatulutsa buku la nyimbo lochedwa Gospel Hymns and Sacred Songs, limene linagulidwa kwambiri. Ndalama zambiri zocokera m'mabuku ake anazipereka ku nchito za cifundo ndi za ulaliki.

Nyimbo imene tachula poyamba ija mau ake analemba ndi Horatio Spafford, loya wa ku Chicago amene ana ake aakazi anayi anamira m'nyanja ya Atlantic mu 1873, pamene combo ca Ville du Havre cinagundana ndi cina. Bambo Bliss anaika maimbidwe pa mau a kholo lofedwali, ndipo nyimboyo inasindikizidwa mu 1876. Sanadziwe kuti caka comweco ana ake omwe adzakhala amasiye.

Khrisimasi ya 1876 banjali linadyera kwa makolo ku Rome. Litatha phwando, anasiya ana ao aamuna awiri, wa zaka 4 ndi wa caka cimodzi, m'manja mwa acibale, nakwera sitima kupita ku Chicago kukaimba pa misonkhano ya Bambo Moody. Madzulo a 29 December, kukugwa cipale cofewa ndi mphepo yamkuntho, sitimayo inafika pa ulalo wacitsulo wa pa mtsinje wa Ashtabula m'cigawo ca Ohio. Ulalo unathyoka. Mutu woyamba wa sitima unaoloka, koma mabogi anagwera pansi mamita oposa 20, ndipo mbaula ndi nyale za mafuta zinabutsa moto. Anthu pafupifupi 92 anafa. Mbiri imene inafala pambuyo pa ngoziyo ndi yakuti Bambo Bliss anali atatuluka pa zenera ali moyo, koma ataona kuti mkazi wake wapanikizika ndi zitsulo anabwereranso m'motomo kukamupulumutsa. Mitembo ya awiriwa sinazindikirike. Mwamuna anali ndi zaka 38, mkazi 35.

Bokosi lao la katundu linafika ku Chicago lili bwinobwino. Munapezeka mau a nyimbo imene anali asanaiike maimbidwe, yochedwa I Will Sing of My Redeemer, ndipo mnzake James McGranahan anaimaliza. Ana a Sande sukulu anasonkha makobidi ao kuti athandize ana amasiye aja ndi kumanga cipilala ca cikumbutso ku Rome mu 1877. Zoonadi, mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Nanga ife titolapo ciani? M'maparishi ndi m'mizinda yathu muli azimai a mau okoma amene analeka kwaya cifukwa amuna ao akuti kumeneko n'kutaya nthawi, kapena angowaganizira zoipa. Mulinso azibambo amene amalonjeza nchito ya mumpingo kapena kugulitsa cimanga ca pakhomo kuti akajambulitse nyimbo, osafunsa mai wa kunyumba. Onsewa aphunzire kwa banja la Bliss. Mwamuna anali ndi mau, koma mkazi ndi abale ake ndiwo anamulimbikitsa, namlipirira sukulu, ndipo pa nkhani yaikulu ya kusiya nchito anakhala pansi awiri nagwirizana. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kwa acinyamata amene mufuna kuti nyimbo zanu zimveke pa Radio Maria kapena pa Breeze FM, kumbukirani kuti woimbayu anayamba wopanda nsapato, ndipo ndalama zitabwera sanazikumbatire. Papita zaka zoposa 140 cimwalirire, koma nyimbo zake zikali kutonthoza ofedwa.

Mizimu ya Philip ndi Lucy Bliss iuse mu mtendere.