David Bruce: dotolo yemwe adasaka gwero la kaodzera ku Dowa

Paphiri la Kasu, kufupi ndi Mvera m'boma la Dowa, padali msasa wa akatswiri ofufuza matenda zaka zoposa 100 zapitazo. Mtsogoleri wake adali Sir David Bruce, dotolo wa asilikali a ku Britain. Iye adabwera kudzafufuza kaodzera, nthenda yomwe inkapha anthu kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

Bruce adabadwa pa 29 May 1855 mumzinda wa Melbourne ku Australia, koma adakulira ku Stirling, m'dziko la Scotland. Adatsiriza maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Edinburgh mu 1881. Mu 1883 adakwatira Mary Elizabeth Steele ndipo chaka chomwecho adalowa ntchito yachipatala m'gulu la asilikali.

Dzina lake lidayamba kumveka ali pachilumba cha Malta, komwe asilikali ankadwala nthenda yotenthetsa thupi kwa miyezi. Mu 1887 iye adapeza kachilombo koyambitsa nthendayo. Patapita zaka, komiti yomwe ankatsogolera idatsimikiza kuti anthu ankaitenga pomwa mkaka wambuzi wosawiritsa. Mpaka lero tizilomboti timatchedwa Brucella pokumbukira dzina lake.

Ataphunzitsa kwa zaka zingapo pasukulu ya madotolo a asilikali ku Netley, mu 1894 adamutumiza ku Zululand komwe ng'ombe zinkafa ndi nthenda ya nagana. Poyeza magazi a ziwetozo, adapeza tizilombo tamichira ndipo adaonetsa kuti timafalitsidwa ndi ntchentche za tsetse, zija ena amati kashembe. Mu 1903 ali ku Uganda, iye ndi anzake adaonetsa kuti kaodzera wa anthu nayenso amayenda ndi tsetse.

Mu 1910 akatswiri ena adapeza mtundu wa kaodzera wopha msanga m'magazi a wodwala wochokera kuchigwa cha Luangwa. Pamene kaodzera wa ku Uganda ankatha zaka asadaphe munthu, uyu ankangotenga miyezi yochepa. Odwala adapezekanso ku Nyasaland, ndipo mu 1911 bungwe la Royal Society lidasankha Bruce kuti atsogolere kafukufuku kuno.

Phiri la Kasu lidali malo oyenera chifukwa ndi lokwera, kunja kwa dera la tsetse, koma chigwa chomwe kudali nthendayo chidali munsi mwake. Bruce adagwira ntchito ndi David Harvey, A. E. Hamerton, J. B. Davey komanso mkazi wake Mary. Ankayeza magazi a anthu, ziweto ndi nyama zakutchire, kenako n'kuwabaya mwa agalu, mbuzi ndi anyani kuti aone ngati zidwale. Ankatumbulanso tsetse n'kuziunika pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono.

Zotsatira zake zidali zodetsa nkhawa. Pafupifupi nyama imodzi mwa zitatu zomwe adayeza kuchigwako idali ndi tizilombo toyambitsa matenda, ngakhale kuti nyamazo, monga nakodzwe, mphoyo ndi gwape, sizinkaoneka zodwala. Gululi lidafotokozanso mtundu wina watsopano, Trypanosoma simiae, womwe umapha nkhumba m'masiku ochepa. Ng'ombe za ku Mvera nazo zidalowa m'malipoti omwe Royal Society idasindikiza ku London.

Bruce adatsimikiza mtima kuti kachilombo ka nagana ndi ka kaodzera wa ku Nyasaland n'kamodzi, choncho adalimbikitsa kuti nyama zakutchire ziphedwe m'madera a tsetse. Ganizoli lidabutsa mkangano. Dotolo wa ku Germany, Max Taute, adadzibaya magazi a nyama zodwala nagana koma sadadwale. Sayansi ya masiku ano idapeza kuti aliyense mwa awiriwa adagwira mbali ya choonadi: tizilomboti n'tapachibale ndipo sitisiyana m'maonekedwe, koma mtundu umodzi wokha ndiwo umapulumuka m'magazi a munthu. Pa zakuti nyama zimasunga nthendayi, Bruce adalondola, ndipo umboni udapezeka mu 1958 mwa mbawala ku Kenya.

Mutu umodzi susenza denga. Anthu a kuderali omwe ankagwira tsetse, kusaka nyama ndi kusenza katundu maina awo sali pakati pa olemba malipotiwo, ngakhale ndiwo ankalowa m'tchire lomwe mudali imfa. Mary, yemwe adaphunzira luso la mulabotale ku Berlin, ndiye ankakonza zoyeza ndi kujambula tizilomboto. Bruce mwini adapempha kuti olemba mbiri yake asadzaiwale ntchito ya mkazi wakeyo.

Kafukufuku wa ku Kasu adatha mu 1914, chaka chomwe nkhondo yoyamba yapadziko lonse idayamba. Mary adamwalira pa 23 November 1931, ndipo Bruce adamutsatira patangopita masiku anayi, pa 27 November, ku London.

Kaodzera sadatheretu m'Malawi. Odwala amapezekabe m'madera oyandikana ndi nkhalango zosungira nyama ku Rumphi, Nkhotakota ndi Kasungu, monga momwe zopeza za ku Kasu zidalozera. Chipatala cha boma cha Rumphi chidatenga nawo mbali poyesa mankhwala akumwa a fexinidazole, omwe mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidati ndi oyenera pa mtundu uwu wa kaodzera. Ulendo uno, madotolo ndi ofufuza Achimalawi adali m'gulu lotsogolera ntchitoyo.