C. D. Howe, Nduna Imene Inadzaza Masitolo a ku Canada

Clarence Decatur Howe anabadwira ku Waltham, m'dziko la America, m'chaka cha 1886, koma mbiri yake inamvekera ku Canada, kumene anamanga nkhokwe zikuluzikulu za tirigu. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse iye ndiye anali nduna yoona za zida.

Nkhondoyo itatha mu 1945, ambiri anaopa ulova. Howe anapeputsira eni mafakitale misonkho kuti asiye zida, ayambe kupanga katundu wa anthu wamba. Galimoto, mafiriji ndi makina ochapira zovala zinachuluka, ndipo mabanja amene anakulira m'umphaŵi anazoloŵera kugula pangongole.

Komatu mkuluyu sankapirira mtsutso m'Nyumba ya Malamulo. Pa chisankho cha 1957, Douglas Fisher, mphunzitsi wa pasukulu, anamulanda mpando wa Port Arthur. Howe anamwalira mu 1960.