THOMAS BAINES: MMISIRI WOJAMBULA AMENE ANACHOTSEDWA NTCHITO KU TETE

Tikamaphunzira za ulendo wa pa mtsinje wa Zambezi, maina amene ambirife timaloweza ndi a David Livingstone ndi John Kirk. Koma pa gulu lomwelo panali munthu wina amene ntchito yake inali yojambula ndi penti zimene ankaona m'njira. Dzina lake ndi Thomas Baines.

Baines anabadwa pa 27 Novembala 1820 ku King's Lynn, tauni ya padoko ku England. Ali ndi zaka 16 anayamba kuphunzira ntchito yopenta ndi kukongoletsa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Uku ndi kumene anazolowera kugwira burashi ndi kusakaniza mitundu. M'chaka cha 1842 anapita ku Cape Town, kumene ankapeza chakudya pojambula zombo ndi nkhope za anthu. Kuyambira 1855 mpaka 1857 anatsagana ndi Augustus Gregory pa ulendo wofufuza kumpoto kwa Australia, ndipo mtsinje wina kumeneko unapatsidwa dzina lake. Mbiri yabwino imeneyi ndi imene inachititsa kuti mu 1858 alembedwe pa ulendo wa Livingstone ngati wojambula komanso wosunga katundu.

Kuti timvetse mavuto ake, tiyenera kudziwa kaye za penti ya mafuta. Penti imeneyi ndi ufa wa mitundu wosakanizidwa ndi mafuta ofinyidwa ku njere za fulakesi. Ubwino wake ndi woti chithunzi chimawala ndipo chimakhala zaka mazanamazana. Vuto lake ndi loti imachedwa kuuma. Mmisiri akapaka kamodzi amadikira masiku angapo asanapakenso pamwamba, ndipo nthawi yonseyi fumbi ndi tizilombo touluka zimamatirira pa chinsalu. Munthu wa paulendo sangakwanitse kudikira chotere. N'chifukwa chake Baines ankayamba wajambula msangamsanga ndi pensulo ndi penti ya madzi pamalo pomwepo, kenaka akakhazikika ndi pamene ankasamutsira chithunzicho pa chinsalu ndi penti ya mafuta.

Gululi linafika ku Tete pa sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert chakumapeto kwa 1858. Tete ndi malo otentha koopsa, ndipo Baines anadwala malungo kambirimbiri, mpaka nthawi zina kumabwebweta. Akapezako bwino ankabwerera ku ntchito. Anajambula tauni ya Tete, anthu ake, ngalawa zawo ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Anajambulanso mathithi a Cahora Bassa amene analepheretsa sitimayo kupitirira. Malo amenewa anasinthiratu pamene damu lalikulu linamangidwa m'zaka za m'ma 1970, motero zojambula zake ndi umboni wa mmene chigwacho chinkaonekera kale.

M'chaka cha 1859 zinthu zinasokonekera. Livingstone anali kalikiliki ndi maulendo a pa mtsinje wa Shire, omwe anamufikitsa ku nyanja yathu ya Malawi mu Sepitembala chaka chomwecho. Baines anatsala ku Tete pamodzi ndi Charles Livingstone, mng'ono wake wa mtsogoleriyo, ndipo awiriwa sankamwerana madzi. Charles anamunenera kwa mkulu wake kuti katundu wa gulu, monga shuga, akusowa, ndiponso kuti akuwononga nthawi ndi zipangizo pojambula nkhope za Apwitikizi. Livingstone anakhulupirira m'bale wakeyo ndipo anamuchotsa ntchito. John Kirk atatumidwa kukasecha mabokosi a Baines sanapezemo chilichonse chachikulu. Baines anapempha kuti mlandu wake uzengedwe poyera, koma pempholo linakanidwa. Chakumapeto kwa chakacho anakwezedwa chombo kubwerera ku Cape Town, atasiya katundu wake wambiri m'mbuyo, dzina lake litaipitsidwa.

Wina akanataya burashi n'kuyamba ntchito ina. Baines sanatero. Mu 1861 ananyamuka ndi James Chapman kudutsa m'maiko amene lero ndi Namibia ndi Botswana, ndipo mu Julayi 1862 anafika pa mathithi a Victoria. Anakhala pamenepo masiku angapo akujambula, mame a mathithiwo akumunyowetsera mapepala. Cholinga chake china chinali chokhoma ngalawa, kutsika ndi Zambezi ndi kukayeretsa dzina lake, koma njala ndi malungo zinamubweza. Komabe zojambula zake anafika nazo, ndipo mu 1865 zinasindikizidwa ku London m'buku la zithunzi za mathithiwo. Anthu ambiri a ku Ulaya anayamba kudziwa maonekedwe a mathithi amenewa kudzera m'ntchito yake. Milambe imene anajambula ku Botswana pa ulendo womwewo ikutchulidwabe ndi dzina lake mpaka lero.

Zaka zake zomaliza anayesa mwayi wa golide m'dziko la Mfumu Lobengula, amene anamupatsa chilolezo mu 1871, koma phindu silinaoneke. Anapitiriza kujambula ndi kugulitsa zithunzi kuti abweze ngongole. Anamwalira ndi matenda a kamwazi ku Durban pa 8 Meyi 1875, ali ndi zaka 54, ali wosauka. Livingstone anali atamwalira kale mu 1873 osabweza mawu ake.

Lero akatswiri ambiri a mbiri yakale amavomereza kuti Baines analakwiridwa, ndipo zithunzi zake zikusungidwa mosamala m'malo monga Royal Geographical Society ku London. Paja akuluakulu amati mlandu suola: wake unagamulidwa mochedwa, mwini wake ali m'manda. Anzanga, pali ena pakati pathu amene amajambula kumapeto kwa makope awo nthawi ya sitade. Moyo wa Baines ukuwauza kuti luso limafuna kudekha ngati penti yochedwa kuuma ija. Ukutichenjezanso tonse kuti tisamaweruze mnzathu tisanamve mbali yake.