Georg Simon Ohm: Mphunzitsi Amene Adayeza Magetsi

Ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa sayansi tidzalemba kaŵirikaŵiri pa bolodi zilembo izi: V = IR. Ana adzazikopera ndi kuziloŵeza pamtima, osafunsa kumene zidachokera. Nkoyenera tsono kuti tidziŵe mwini wake wa lamuloli, amene adali mphunzitsi wa m'kalasi monga momwe ife tidzakhalire.

Georg Simon Ohm adabadwa pa 16 Malichi 1789 mu mzinda wa Erlangen ku Germany. Bambo wake, Johann Wolfgang Ohm, adali mmisiri wosula maloko amene sadapite patali ndi sukulu, koma adadziphunzitsa yekha masamu ndi sayansi, naphunzitsanso ana ake aamuna aŵiri, Georg ndi Martin. Kusukulu kumene Georg adaloŵa ali ndi zaka 11 kudali kungoloŵeza basi. Nzeru zenizeni adazipeza pakhomo.

Ataloŵa yunivesite ya Erlangen mu 1805, mnyamatayu adatengeka ndi magule ndi maseŵera, kotero kuti bambo wake adapsa mtima namtumiza ku Switzerland, kumene adayamba kuphunzitsa masamu mu 1806. Adabwerera kwao nalandira digiri ya udokotala mu 1811, koma ntchito zimene adapeza zidali za malipiro ochepa. Mwayi udamgwera mu 1817 pamene adalembedwa pa sukulu ya ku Cologne imene idali ndi chipinda cha sayansi cha zipangizo zokwanira. M'chipindamo ndimo adayamba kufufuza funso limodzi: kodi magetsi oyenda mu waya amachuluka kapena kuchepa potsata lamulo lanji?

Poyamba zinthu sizidalongosoke. Mabatire a masiku amenewo ankafooka munthu ali mkati moyeza, ndipo lamulo limene Ohm adafalitsa mu 1825 silidali lolondola. Wasayansi mnzake Johann Poggendorff adamlangiza kuti asiye batire, agwiritse ntchito njira imene Thomas Seebeck adaitulukira: kulumikiza zitsulo ziŵiri zosiyana, mfundo imodzi ikhale yotentha, ina yozizira. Ohm adalumikiza mkuwa ndi bismuth, naika mfundo imodzi m'madzi oŵira, inayo m'madzi oundana. Popeza kutentha kwa mbali ziŵirizi sikusintha, mphamvu yokankha magetsi idakhazikika. Kenaka adatenga mawaya amkuwa asanu ndi atatu, onenepa mofanana koma osiyana utali, nawalumikiza mmodzimmodzi, akuyang'ana mmene singano ya maginito yolendeŵera pamwamba pa waya inkapotokera. Waya akatalika, singano inkapotoka pang'ono. Tiwone bwino apa: munthuyu sadakonze manambala kuti agwirizane ndi maganizo ake, koma adakonza chipangizo nayezanso.

Chimene adapeza, m'mawu a m'mabuku athu a lero, ndi ichi. Mphamvu yokankha magetsi, voltage, tikaigaŵa ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda, current, timapeza kukaniza kwa waya, resistance. Batire ya galimoto ya ma volt 12 ikamayendetsa ma ampere 2, resistance ndi ma ohm 6. Tikafuna power, ndiko kuti mphamvu imene ikugwiritsidwa ntchito pa sekondi iliyonse, sitigaŵa koma timachulukitsa: 12 kuchulukitsa ndi 2 tipeza ma watt 24. Mbali yachiŵiriyi si ya Ohm ai; idaŵala ndi ntchito ya James Joule wa ku England, amene mu 1841 adafalitsa zimene adayeza pa kutentha kwa waya wodutsamo magetsi. Ana amasokoneza masamu aŵiriŵa chifukwa onse amayamba ndi manambala omwewo, ndipo mankhwala ake ndi kuwalola kuyeza okha asanaone chilembo chilichonse pa bolodi.

Koma tichenjere posankha choyezera. Babu la tochi ndilo limapezeka msanga, komabe kawaya kake kakatentha resistance imakwera, motero manambala sagwirizana ndipo ana amayamba kukayika mphunzitsi. Waya wa nichrome, wonga wa m'simbi yamagetsi yakale, ndi mabatire atsopano a tochi, mmodzi, aŵiri, atatu, zimapereka zotsatira zabwino. Lamulo la Ohm limagwira pamene kutentha kwa waya sikukusintha.

Mu 1827 Ohm adasindikiza buku lake ku Berlin, lofotokoza zonsezi m'masamu. Akatswiri a kwao adalilandira mozizira: ena adalephera kutsata masamuwo, ena sadakhulupirire kuti chilengedwe chingafotokozedwe motero. Pokhumudwa, adatula pansi ntchito ya ku Cologne, nakhala ku Berlin zaka zingapo akudalira timaganyu ta uphunzitsi, mpaka adapeza malo pa sukulu ya zaumisiri ku Nuremberg mu 1833. Ulemu udayambira kunja: mu 1841 bungwe la Royal Society ku London lidampatsa mendulo ya Copley. Mpando wa uprofesa wa sayansi ku yunivesite ya Munich, umene adaulakalaka moyo wake wonse, adaulandira mu 1852, naukhalira zaka ziŵiri zokha. Adamwalira pa 6 Julaye 1854 ali ndi zaka 65. Patapita zaka 27, msonkhano wa akatswiri a magetsi wa ku Paris mu 1881 udavomereza kuti muyeso wa resistance uzitchedwa ohm.