GIOTTO: MMISIRI AMENE SANAONE NSANJA YAKE ITATHA

Belu likalira m'mamawa kutiitana ku Misa, ndi angati mwa ife amene amaganizira za anthu amene anamanga nsanja zimene mabelu amakhalamo? Lero ndifuna tikumbukire mmodzi wa iwo, Giotto di Bondone wa ku Italy.

Giotto anabadwa cha m'ma 1267 kumudzi kufupi ndi mzinda wa Florence. Akuti ali mnyamata ankaweta nkhosa, ndipo katswiri wojambula, Cimabue, anamupeza akujambula nkhosa pamwala, namutenga kukamuphunzitsa. Atakula anatchuka kwambiri. Cha m'ma 1305 anajambula moyo wa Yesu ndi wa Maria Virigo m'makoma a tchalitchi cha Scrovegni ku Padua. Anthu a m'zithunzi zake ankaoneka amoyo, akulira ndi kukondwa monga ife tomwe, chinthu chimene chinali chachilendo masiku amenewo.

M'chaka cha 1334 akuluakulu a Florence anamuika kukhala kapitawo wa ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha Santa Maria del Fiore. Apa n'kuti ali nkhalamba ya zaka zoposa 65. Iye anajambula pulani ya nsanja ya mabelu yoima payokha pambali pa tchalitchicho, ndipo mu July chaka chomwecho anaika maziko. Koma mu January 1337 anamwalira, gawo lapansi lokha litamangidwa.

Andrea Pisano ndiye anapitiriza ntchitoyo. Mliri woopsa wa mu 1348 unaidodometsa, ndipo Francesco Talenti anadzaimaliza mu 1359. Nsanjayi ili ndi mbali zinayi zofanana, ndi yaitali mamita pafupifupi 85, ndipo kuti munthu afike pamwamba amakwera masitepe 414. Inakutidwa ndi miyala ya nsangalabwi yoyera, yobiriwira ndi yofiirira. M'munsi mwake anasemamo kulengedwa kwa Adamu ndi Hava, komanso anthu akulima, akuluka nsalu ndi kupalasa bwato, kusonyeza kuti ntchito ya manja nayonso imalemekeza Mulungu. Mawindo amanka nakula pokwera, motero pamwamba pamapepuka. Denga losongoka limene Giotto anafuna silinamangidwe, komabe mpaka lero nsanjayi imatchedwa ndi dzina lake.

Anzanga aseminale, Giotto sanamveko belu likulira m'nsanja yake, koma sanakane ntchitoyo chifukwa cha ukalamba. Makolo athu ndi abambo otiphunzitsa nawonso akuika maziko a nyumba imene ena a iwo sadzaiona itatha. Kodi ife tidzamangapo chiyani pamaziko amenewo?