Mayi Joan Clarke, Womasulira Zinsinsi za Nkhondo

Mayi Joan Clarke anabadwira ku London m'chaka cha 1917. Anakhoza masamu mopambana ku Cambridge, koma digiri yeniyeni anawamana poti anali munthu wamkazi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itakula, boma la Britain linalemba akazi zikwizikwi ku Bletchley Park, komwe ankamasulira mauthenga achinsinsi a adani. Mayiwa analowa ntchitoyi mu 1940, malipiro awo ochepa kuyerekeza ndi a amuna. Pamodzi ndi Alan Turing ankamasulira mauthenga opita ku sitima za pansi pa madzi za Germany, ndipo zombo zambiri zonyamula chakudya zinapulumuka. Poti analumbira kusunga chinsinsi, dziko silinadziwe ntchito yawo kwa zaka pafupifupi 30. Anamwalira mu 1996.

Makolo, mwana wamkazi wokonda masamu musamugwetse mphwayi.