Dotolo Robert Laws, Mmisiri ndi Bambo

Ife a kuno ku Biriwiri tikaima pa zitunda ndi kuyang'ana kum'mawa, maso athu amagwera m'chigwa cha Livulezi. M'chigwa chimenecho mishoni ya Livingstonia inatsegula malo a ntchito mu 1887, a Dotolo Robert Laws atayamba akambirana ndi Inkosi Chikusi, bambo wa Gomani woyamba. A Laws anali a mpingo wa Presbyterian, osati wathu, komabe moyo wawo uli ndi kanthu kofunsa bambo aliyense wogwira ntchito ya Mulungu.

Anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, pa 28 May 1851. Atate awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo mwanayo anaphunzira ntchito yomweyo, masana akupala matabwa, madzulo ali m'kalasi, kufikira anatsiriza maphunziro a udotolo ndi a ubusa. Mu 1875, ali ndi zaka 24, anabwera kuno pa ulendo wotsogoleredwa ndi a Edward Young, msilikali wakale wa nkhondo ya pamadzi. Sitima yawo, Ilala, anaimasula zidutswazidutswa pa mathithi a Shire, anthu mazanamazana naisenza pamutu, ndipo ataimanganso inalowa m'nyanja pa 12 October.

Zaka za ku Cape Maclear zinabala manda ambiri koma wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Munthu wina akadabwerera kwawo. Iwo anasamukira ku Bandawe, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe. Kumeneko ndi kumene umisiri wawo unaonekera poyera: madzi a m'mipope, msewu wokhotakhota wokwera kuchokera kunyanja, ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi mu 1905, pamene mizinda yambiri ya mu Africa inali kudalira nyali.

Koma tilowe m'nyumba mwawo. Anakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879. Mayiyo anabereka kangapo, ndipo ana onse anamwalira ali makanda kupatula mmodzi, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Dotolo amene anachiritsa ana a eni analephera kupulumutsa ake. Ndipo mmodzi wotsalayo anamsiya ku Scotland akali wamng'ono, kuti aphunzire ndiponso atalikirane ndi malungo. Kwa zaka zambiri ubambo wawo unayenda m'makalata, amene ankatha milungu yambiri pa njira. Werengani Genesis 22:1-14 ndi Deuteronomo 6:6, 7. Kodi malemba awiriwa tingawagwirizanitse bwanji pamene ntchito ya Ambuye itiika kutali ndi ana athu? Ife abusa, amene timasamutsidwa kawirikawiri, funso limeneli sitiliyankha mopepuka.

Panalinso mwana wina. Mu 1881 kunabwera kuchokera ku Quelimane kamnyamata, Charles Domingo, kamene kanakulira pakhomo pawo. Domingo anakhoza bwino kwambiri maphunziro a zaumulungu, nalandira chilolezo cholalikira, koma zaka zinapita osadzozedwa ubusa. Potsiriza anatopa, nachoka mu mpingowo, nadzagwirizana ndi a Seventh Day Baptist. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914. Pano sitingawaikire kumbuyo a Laws. Kuleza mtima kumene kunamanga msewu pa phiri kunasanduka kuchedwa pamene inafika nthawi yokhulupirira mwana amene anamlera okha, ndipo anamtaya.

A Laws sanagwirepo mfuti ku nkhondo, koma pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Amelia anatumikira asilikali ovulala m'zipatala za ku France. Mayi Margaret anamwalira mu 1921. Mkuluyo anapitiriza ntchito ali wamasiye kufikira 1927, pamene anatsika phiri la Khondowe komaliza, patapita zaka 52 chilowere m'nyanja pa Ilala. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, ndipo anaikidwa kwawo ku Aberdeen.